Nsapato ndi nambala yanga yomwe, nanga ikundipwetekeranji?

FUNSO

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Kasungu. Kuchipatala anandipeza ndi BP nandiuza kuti ndizichita masewero olimbitsa thupi, ndiye ndinayamba kuthamanga m'mamawa m'mbali mwa msewu wa M1. Ndinagula nsapato ya Nike pakaunjika, nambala 5, yomwe ndavala chiyambire utsikana wanga. Koma chikhadabo cha chala chachikulu chada bii, kuchitendene nako kwatuluka matuza. Kodi anandigulitsa yabodza?

YANKHO

Mwana wanga, wogulitsayo musamuimbe mlandu msanga. Nsapatoyo yangokucheperani basi. Chikhadabo chimada chifukwa chala chimagunda kutsogolo kwa nsapato nthawi iliyonse mukaponda, magazi n'kuundana kunsi kwake.

Nambala 5 ija inali ya mtsikana. Mayi akakhala woyembekezera, mitsempha yogwira mafupa a phazi imafewa, thupi limalemera, phazi n'kutalika komanso kufutukuka pang'ono, ndipo kwa ambiri silibwereranso mwakale. Inu mwabereka katatu. Komanso phazi limatupa pothamanga, n'chifukwa chake nsapato yothamangira imafunika kukulirapo kuposa ya kutchalitchi.

Manambala nawonso amapusitsa. Tukulani lilime la nsapato muone: pali UK, US, EUR, pena ndi CM. Nambala ya US ya akazi imaposa ya UK ndi 2 kapena kupitirirapo pang'ono, ndiye wogulitsa akangoti "ndi 5 iyi mayi", mufunseni kuti 5 yake iti. Ine ndimakhulupirira ya masentimita. Pondani papepala mutaimirira, mwana alembe mozungulira phazi, muyeze ndi rula kuchokera kuchitendene mpaka chala chotalikitsa. Mapazi onse awiri, poti limodzi limakonda kukulirapo. Mugulire lalikululo.

Kumsika pitani masana, mapazi atayendayenda, mutatenga sokosi zomwe mumathamanga nazo. Valani zonse ziwiri, mumange zingwe, muimirire. Pakati pa chala chotalikitsa ndi nsonga ya nsapato pazitsala mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja chitapingasa. Zala zizitha kusewera mkatimo. Ngati kachidutswa kofewa ka mkati kamachoka, katulutseni mukaponde: phazi likasefukira m'mbali, nsapatoyo ndi yopapatiza. Ndipo musachite manyazi kudumphadumpha pomwepo. Akakuuzani kuti "ifutukuka mukamavala", isiyeni. Zimenezo ndi za nsapato zachikopa.

Za matuzawo: akazi ambiri chitendene chimakhala chopyapyala poyerekeza ndi kutsogolo kwa phazi, ndiye chimakwera n'kutsika mkati mwa nsapato, kumakhulika. Pamwamba penipeni, pafupi ndi kakolo, pamakhala kabowo kotsiriza komwe anthu ambiri sakagwiritsa ntchito. Lowetsani chingwe m'menemo mbali zonse mupange timalupu, mupingasitse zingwezo kudzera m'timalupumo, kenaka mumange. Chitendene chimakhazikika popanda kufinya zala. Sokosi zakotoni zimasunga thukuta, makamaka kutentha kwa Okutobala kuno, choncho funani zopyapyala zouma msanga.

Kaunjika sindimunyoza, nane ndimagula komweko. Koma nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita pakati pa 500 ndi 800, ngakhale pamwamba ikuwala, ndipo mavenda amadziwa kuchapa. Iikeni pabenchi muiyang'ane chakumbuyo: ikapendekera mbali imodzi, inatengera kale kapondedwe ka mwini wake woyamba. Dinani soli ndi chala, ikakhala yolimba gwa kapena yodzaza makwinya m'mbali, yatha. Dzina la kampani lisakukopeni.

Chikhadabocho musachizule, chidzachoka chokha china chikamamera. Koma chala chikatupa, chikatuluka mafinya, kapena ngati mulinso ndi shuga, kachionetseni kuchipatala musanayambirenso kuthamanga.