Inshulansi ya okonza nyumba zolowa madzi

Achimwene, mwafunsa ngati inshulansi ya galimoto ikukwanira pa ntchito yokonza nyumba zolowa madzi ndi kuchotsa chuku. Ayi ndithu.

Yambani ndi public liability, inshulansi yolipira mukaononga katundu wa anthu ena kapena kuwavulaza. Mukugumula siling'i yonyowa ku Area 49, paipi n'kuphulika, sofa ndi firiji za mwininyumba n'kuonongeka, mlandu ndi wanu. Koma werengani bwino pepala la inshulansiyo, chifukwa inshulansi zambiri zimakana nkhani za chuku. Kaya ndi ku NICO General kapena Britam, auzeni alembe ntchito yanu momveka. Makangano amayamba chuku chikatulukanso pakhoma lomwe mwapaka kale penti.

Anyamata anu amapuma fumbi limenelo tsiku lonse. Lamulo la Workers' Compensation la 2000 limati akavulala pantchito, wolipira ndinu abwana. Atengereni inshulansi yawo, muwagulirenso mamasiki enieni.