Kodi ulamuliro wa Afalansa unali wabwinoko kwa anthu akuda?

Mphunzitsi wina wa ku sekondale wanditumizira imelo. Akuti ana ake amaphunzira kuti Afalansa ankafuna kusandutsa anthu a mu Africa kukhala nzika za France, pomwe Angelezi ankalamulira kudzera mwa mafumu. Ndiye akufunsa ngati izi zikutanthauza kuti munthu wakuda ankakhala bwinoko m'manja mwa Afalansa.

Aphunzitsi, yankho langa ndi lakuti ayi. Mfundoyo inalipodi, koma amene anaidyerera anali ochepa zedi.

Komwe inagwiradi ntchito ndi ku Senegal, m'matauni anayi okha: Saint-Louis, Gorée, Rufisque ndi Dakar. Amuna obadwira kumeneko ankavota, ndipo mu 1914 anasankha Blaise Diagne kukhala phungu wawo ku nyumba ya malamulo ku Paris. Lamulo la mu 1916 linatsimikiza kuti iwowa ndi nzika. Koma unzikawo unabwera pamodzi ndi udindo wopita ku nkhondo, ndipo mu 1918 Diagne yemweyo anayendayenda kumadzulo kwa Africa kulembera France asilikali oposa 60,000.

Kunja kwa matauniwa chitseko chinali chothina. Wofuna unzika ankayenera kudziwa bwino Chifalansa, kusonyeza kuti watumikira boma mokhulupirika, ndiponso kusiya malamulo a makolo ake kapena a Chisilamu pa nkhani za ukwati ndi chuma cha masiye. Cha m'ma 1936, m'chigawo chonse cha Afalansa cha kumadzulo kwa Africa, chomwe likulu lake linali Dakar, mwa anthu pafupifupi 15 miliyoni, nzika zakuda kunja kwa Senegal zinali zongopitirira 2,000.

Nanga ena onsewo? Apa ndi pomwe ndikupempha kuti muwafotokozere ana mofatsa, chifukwa moyo wa anthu ambiri unali pamenepa. Iwo ankalamulidwa ndi malamulo otchedwa indigénat, omwe anakhazikitsidwa ku Algeria mu 1881 n'kufalikira ku maiko ena. Mzungu woyang'anira boma, yemwe ankamutcha commandant, ankatha kukutsekera m'ndende mpaka masiku 15 kapena kukulipitsa chindapusa popanda kukuzenga mlandu. Kuchedwa kukhoma msonkho, kukana ntchito ya msewu, ngakhale kuoneka ngati wamuderera, zonsezi zinali zifukwa zokwanira. Womanga, woweruza ndi wotolera msonkho anali munthu mmodzi yemweyo, ndipo wa kumudzi analibe kokadandaula.

Mafumu analiponso, osati kuti Afalansa anawathetsa. Koma anawasandutsa antchito a boma, oikidwa ndi kuchotsedwa mmene commandant wafunira. Nthawi zina ufumu ankaupereka kwa womasulira kapena msilikali wopuma yemwe sanali wa ku banja lachifumu. Ntchito yake yaikulu inali kutolera msonkho ndi kugwira amuna a ntchito yokakamiza.

Ife a kuno tikudziwa kuwawa kwa thangata, choncho sindikuwayeretsa Angelezi. Komabe zomwe zinachitika pa njanji ya Congo-Océan, ku Congo ya Afalansa, zimandiwawa mumtima nthawi zonse. Njanjiyi, ya makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Pointe-Noire kukafika ku Brazzaville, inamangidwa kuyambira 1921 mpaka 1934. Amuna ankagwidwa kutali, ena mpaka kumwera kwa Chad, n'kukakumba miyala m'nkhalango ya Mayombe ndi zida zochepa, chakudya chosakwanira. Anafa anthu osachepera 17,000 chifukwa cha matenda, njala ndi kutopa. Boma lomwe linkalankhula za ufulu ndi ubale ku Paris ndi lomwelo linkasaina zikalata zowagwirira.

Zinthu zinasintha itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, aphungu a ku Africa atalimbikira ku Paris. Mu 1946 indigénat inathetsedwa. Mu Epulo chaka chomwecho lamulo la Félix Houphouët-Boigny wa ku Côte d'Ivoire linaletsa ntchito yokakamiza, ndipo mu Meyi lamulo la Lamine Guèye wa ku Senegal linapereka unzika kwa onse. Ngakhale apo, si onse ankaloledwa kuvota, ndipo m'madera ambiri azungu ankavota paokha, anthu akuda paokha. Izi zinatha ndi lamulo la mu 1956, patangotsala zaka ziwiri kuti Guinea ya Sékou Touré ikane kukhalabe pansi pa France.