Yankho kwa asisi a ku Chibavi amene akulemba buku lachikondi

Asisi, funso lanu ndaliona anthu ambiri atayankha kale, koma mayankho ochuluka ndi a "pitirizani, Mulungu akutsogolereni" basi, ndiye ndati ndiikepo langa lalitali. Kwa amene simunalione, mchemwali wathuyu walemba mitu 6 pafoni, nkhani ya mtsikana wa ku Chibavi amene wagwa m'chikondi ndi mwana wa bwana wake. Wina wamuuza kuti apereke ndalama amutulutsire buku. Akufunsa ngati apereke, ngati apitirize m'Chichewa kapena asinthire ku Chingerezi, komanso akuopa kuti akaika nkhaniyo pa Facebook anthu amubera.

Za ndalamazo, musapereke. Kulipirira buku la mitu 6 n'kugula mbereko mwana asanabadwe, ndipo munthu amene akufuna ndalama asanawerenge mathero, maso ake ali pathumba lanu, osati pankhani yanu. Ndifikako kumeneko. Ndiyambe ndi nkhaniyo, chifukwa ndi pamene pagona ntchito yonse.

Munthu akatsegula buku lachikondi amadziwa kale kuti awiriwa adzathera limodzi. Chimene chimamugoneka mochedwa n'chakuti zitheka bwanji pomwe njira yonse yatsekeka. Ndiye funso loyamba si lakuti mtsikanayo ndi wokongola bwanji kapena mnyamatayo amayendetsa galimoto yanji. Funso ndi ili: chikuwaletsa n'chiyani, ndipo aliyense wa iwo ataya chiyani akasankha mnzakeyo? Kusauka kwa mtsikana ndi nkhanza za apongozi olemera tinaziona kambirimbiri m'mafilimu a ku Nigeria, moti wowerenga akangofika tsamba lachitatu amadziwa kale zonse. Sindikuti muitaye nkhani yanu. Ndikuti muipatse chotchinga cholemera, ndipo kuno ku Mzuzu simusowa kukabwereka kutali.

Taganizani mnyamata wa ku Euthini kapena ku Embangweni, kumene banja limalimba ndi malowolo, mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, ana n'kukhala a kuchimuna. Mtsikanayo makolo ake anachokera ku Mulanje, anabwera kuno ndi ntchito, kwawo n'kwa chikamwini, ndipo mawu omaliza pa ana amakhala ndi amalume. Awiriwa atha kukondana bwinobwino ku Katoto kuno popanda vuto, koma tsiku limene thenga wakuchimuna akumana ndi ankhoswe akuchikazi, nkhani imayaka yokha. Amalume akuti mwana wathu si wogulitsa. Abambo a mnyamata akuti popanda ng'ombe ana adzakhala a yani? Palibe woipa pamenepa, aliyense akuteteza zimene anakulira, ndipo n'chifukwa chake nkhani yotere imagwira mtima kuposa ya apongozi ankhanza. Wowerenga amasowa womuda, ndiye amangovutika limodzi ndi okondanawo.

Kapena ya ku Joni, yomwe pafupifupi banja lililonse la ku Mzimba likuidziwa. Mnyamata wapita ku Johannesburg kukasaka za malowolo, walonjeza chaka chimodzi, zaka zakwana 3. Mabulangete ndi firiji zikufika kudzera kwa otenga katundu, koma mwini wake safika chifukwa masiku a papasipoti anatha kalekale. Mtsikana akukhala ndi alamu ake amene akuwerenga mayendedwe ake onse, kwinaku pali wina pafupi amene amamufunsa ngati wadya. Apa pali buku lathunthu. Ya kusiyana mipingo nayonso ilipo, koma imafuna kusamala kuti isasanduke ulaliki.

Chinanso, anthu anu awiriwa akhale ndi chimene akufuna pamoyo kupatula chikondi. Mtsikana amene ntchito yake m'buku lonse n'kulira ndi kudikira foni amatopetsa. Mupatseni chake. Akufuna kumaliza za unamwino ku Ekwendeni, kapena akusonkhetsa mpamba kuti akhale ndi benchi yakeyake ku msika wa Taifa, azikapikula yekha zitenje ku Kyela m'dziko la Tanzania. Chikondicho chikabwera chidzagundane ndi cholingacho. Mnyamatanso akhale ndi chofooka chenicheni, monga kuopa bambo ake kapena kubisa ngongole, osati mngelo wovala suti.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandichotsa chidwi msanga. Choyamba ndi mkangano umene ukanatha ndi foni imodzi. Mtsikana waona chibwenzi chake chikuyenda ndi mkazi wina pa depoti, wakwiya mitu 10, kenako tikumva kuti anali mlongo wake. Wowerenga amaona ngati mwamupusitsa. Chachiwiri ndi ngozi ya galimoto pa Chiweta imene imabwera pa nthawi yake kudzapha wopikisana naye, kapena sing'anga wotulukira kumapeto kudzamasula zonse. Mfundo imene mwamanga, aimasule okha anthu anuwo ndi zosankha zawo. Mathero nawo akhale okoma, kapena a chiyembekezo. Mukapha mmodzi mwa okondanawo mwalemba buku lamtundu wina, ndipo amene analipira kuti aone ukwati sadzakukhululukirani.

Mzuzu aoneke m'nkhaniyo. Mawawa a mwezi wa June anthu atavala majuzi masana, matope a ku Masasa mvula ikagwa, mnyamata wa sakramento (kabaza wa njinga) akupalasa chitunda mtsikana atakhala kumbuyo atagwira ambulera, minibasi yotsetsereka kupita ku Nkhata Bay tsiku Loweruka. Olemba atsopano ambiri amakonda kuika anthu awo m'nyumba zosanja ndi m'malesitilanti amene iwo eni sanalowemo, ndipo zimaonekera. Zoyankhulanso chimodzimodzi. Palibe mnyamata wa ku Zolozolo amene amati "duwa la mtima wanga" katatu patsiku. Chikondi cha kuno chimaoneka pa kugulirana bandulo, kuperekezana mpaka pamphambano kenako woperekezedwayo n'kuperekezanso mnzake, kusungirana nsomba yaikulu. Lembani zimenezo, mawu akuti "ndimakukonda" muwasunge adzatuluke kamodzi pamene akulemera. Mayi a mnyamatayo akakwiya asayankhule Chichewa cha pawailesi, aponye mawu awiri atatu a Chitumbuka, koma mupeze mwini chiyankhulo akuonereni kalembedwe.

Za kuchipinda, inu ndi amene mukudziwa owerenga anu, koma kumbukirani kuti buku likatuluka adzawerenga ndi azakhali anu omwe, ndi amayi a kumpingo. Kutseka chitseko pa nthawi yake sikuchepetsa nkhani, nthawi zambiri kumaiwonjezera mphamvu. Pamene sindinyengerera ndi pa zaka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati poyambira banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Nkhani ya mphunzitsi ndi mtsikana wa Fomu 3 si yachikondi. Mwamuna womenya kapena wokakamiza, kenako n'kukhululukidwa chifukwa wagula foni, nayenso musatiuze kuti ndi wachikondi. Ndipo musatenge munthu weniweni n'kungosintha chilembo chimodzi cha dzina lake. Tauni yathuyi ndi yaing'ono.

Chichewa kapena Chingerezi? Lembani m'chiyankhulo chimene mungathe kukanganitsa anthu awiri mpaka wowerenga aseke kapena apse mtima. Ngati chimenecho ndi Chichewa, khalani pomwepo, ndipo owerenga nkhani zachikondi pa Facebook ndi pa WhatsApp ambiri ali komweko. Kungoti Chichewa cha m'buku chili ndi malamulo ake a kalembedwe, amene kuyambira 1996 amayang'anira ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, atalowa m'malo mwa Chichewa Board. Zidule za pamacheza zija muzisiye pamacheza. Chingerezi chimatsegula zitseko zina, monga mpikisano wa Commonwealth Short Story Prize, umene kulowa kwake n'kwaulere ndipo umafuna nkhani ya mawu 2,000 mpaka 5,000. Zimenezo mutha kudzayesa padera ndi nkhani yaifupi.

Malizani kaye bukulo, ngakhale litakhala lokhotakhota. Mutu uliwonse mukamaliza dzitumizireni pa imelo, foni imabedwa ndipo imagwera m'madzi. Mukafika kumapeto liikeni pambali milungu ingapo, kenako muliwerenge mokweza mawu; pamene lilime lakodwa, pamenepo pali vuto. Mupatse anthu atatu amene sakuopani, ndipo musawafunse ngati yakoma, chifukwa adzati yakoma. Afunseni pamene anaika foni pansi n'kukachita zina. Ndalama yoyamba imene mungawononge pa bukuli ipite kwa mkonzi, munthu amene angakuuzeni kuti mutu wachinayi wonse uchoke, osati wongokonza mipumiro.

Tsono za kubedwa. Mwa lamulo, nkhani ndi yanu kuyambira pamene mwailemba. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso limene tikugwiritsa ntchito pano ndi la 2016, ndipo bungwe loona zimenezi ndi Copyright Society of Malawi (COSOMA) ku Lilongwe, komwe mutha kukalembetsa ntchito yanu kuti mukhale ndi umboni. Lamuloli limateteza mawu amene mwalemba, osati ganizo, ndiye wina akalemba yakeyake ya mtsikana wosauka ndi mwana wa bwana simungamugwire. Kunena zoona, okopera nkhani n'kuika pamapeji awo alipo, ndipo PDF mukangogulitsa kwa anthu 20 idzazungulira magulupu. Koma kubisa nkhani m'foni poopa akuba kumatanthauza kuti palibe adzakudziweni. Njira imene ambiri akuyendera ndi iyi: mitu yoyambirira amaiika ulere papeji yawo, pa masiku odziwika osaphonya, mutu uliwonse n'kuthera pamene munthu akufuna kumva zotsatira. Yotsalayo amaipereka m'gulupu la WhatsApp kwa amene alipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Mtengo ukhale woti munthu aone kuti kulipira n'kosavuta kuposa kupemphetsa, ndipo dzina lanu likhale patsamba lililonse. Ubwino wina wa njirayi n'ngwakuti ndemanga za owerenga zimakuuzani msanga ngati nkhani ikugwira.

Tibwere kwa munthu wofuna ndalama uja. Pali wofalitsa mabuku ndipo pali wosindikiza. Wofalitsa weniweni amasankha buku, amalipira yekha mkonzi, chikuto ndi kusindikiza, kenako amakupatsani gawo pa kope iliyonse yogulidwa. Ndalama imachoka kwa iye kubwera kwa inu. Wosindikiza mumamulipira inu, n'kukupatsani makatoni anu, umwini wonse n'kukhala wanu. Zonse ziwiri n'zabwino. Woopsa ndi wapakatiyo, amene amatenga ndalama zanu n'kutenganso umwini. Mufunseni mabuku amene anatulutsa kale, mukapeze eni ake muwafunse okha. Mgwirizano ukhale wolembedwa, unene makope angati, gawo lanu ndi lotani, mudzalandira liti, ndipo umwini ubwerera liti kwa inu.

Musadabwe makampani odziwika akapanda kuthamangira buku lanu. A Dzuka ndi a CLAIM ndalama zawo zambiri zili pa mabuku a sukulu, amene amadutsa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, poti ndiwo ali ndi msika wotsimikizika. Mzuni Press ndi Luviri Press kunoko amatulutsa kwambiri za maphunziro apamwamba, za mbiri ndi za mipingo. Choncho olemba zachikondi ambiri amadzitulutsira okha, ndipo palibe chamanyazi.

Mukasankha njira imeneyo, nambala ya ISBN, yomwe imazindikiritsa buku, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, ndipo za kuno zimayamba ndi 99908 kapena 99960 pambuyo pa 978. Lamulo limafunanso kuti buku likatuluka mukasiyeko kope komweko. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yosindikizira inakwera nayo. Mtengo umene mnzanu anauzidwa chaka chatha musaudalire. Funsani malo atatu, ndipo akupangireni kope imodzi yoonera musanalipire zonse, muitsegule mwamphamvu pakati muone ngati masamba sakuthothoka. Yambani ndi makope 50 kapena 100, makamaka anthu atalipiriratu. Makope 1,000 amatsitsadi mtengo wa kope imodzi, koma chinyezi cha Mzuzu sichichedwa kuwononga makatoni a pansi pa bedi. Mashopu a mabuku amadula gawo lawo ndipo ambiri amalipira buku likagulidwa, ndiye ndalama yofulumira imachokera m'manja mwanu momwe, kuntchito, kumpingo, ndi pa mwambo wokhazikitsa buku, pamene alendo olemekezeka amagula makope oyamba pa mtengo wokwera. Mwambowo usadye ndalama zoposa zimene ubweretse. Holo yaing'ono yodzaza iposa hotela.

Wina mwa amene anakuyankhani kale watchula zogulitsa buku pa Amazon. Kuika buku n'kwaulere ndithu, ndipo amapereka 35 kapena 70 peresenti malinga ndi mtengo umene mwaika, koma pa zogulidwa ku America amadula msonkho wa 30 peresenti chifukwa Malawi alibe pangano la misonkho ndi dzikolo, ndipo owerenga anu a ku Chiputula sagula mabuku ndi khadi ya ku banki. Kumeneko mudzaganizeko mukadzalemba la Chingerezi.

Ngati mungathe, lowani Malawi Writers Union, mudziwane ndi anzanu komanso muzimva za mipikisano. Nkhani zazifupi muzitumizanso ku Tikambe ya mu Malawi News kapena Tamvani ya mu Weekend Nation kuti dzina liyambe kuzolowereka. Pakadali pano ikani mutu woyamba muno m'gulupu, koma mutiuzenso m'mizere iwiri chimene mwana wa bwanayo ataye akakwatira mtsikana wa ku Chibaviyo, chifukwa m'funso lanu mwangotiuza za mtsikana yekha.