DX7 ya ku mpingo kwanuyo sinafe, yangotha batire

Achimwene a ku Kamwendo, mwafunsa za kiyibodi ya Yamaha DX7 yomwe mpingo wanu unalandira kuchokera kunja. Mwati ikuyaka bwinobwino, koma pa sikirini pakubwera zilembo zosawerengeka, ndipo mukakanikiza makiyi mukumva phokoso lachabechabe, pena zii. Ndaona ena akukuuzani kuti mukaigulitse kwa ogula zitsulo. Musayerekeze n'komwe.

Kiyibodi imeneyi inatuluka mu 1983. Mawu ake 32 amkati amasungidwa ndi kabatire kamodzi ka CR2032, ka 3 volts, konga kamene kamakhala mu kompyuta. Kakatha, mawu amasokonekera kapena kufufutika. Dinani FUNCTION kenako batani 14, ikuonetsani mphamvu yomwe yatsala m'batiremo.

Vuto n'lakuti batireyo anachita kuiwotcherera pa bodi, si yongosolola ndi chala. Pitani nayo kwa okonza mawailesi pa boma, koma musankhe wodekha manja, osati wothamangira ndalama. Azule waya kukhoma asanatsekule. Muwauze kuti m'malo mwa batire yakaleyo aikepo kachoikamo batire, kamene angachotse pa bodi ya kompyuta yakufa, kuti mtsogolo muzingosintha nokha. Asawotcherere waya pa batire yeniyeniyo, imatha kuphulika. Ndipo aonetsetse mbali ya + ndi ya – asanachotse yakaleyo.

Batire yatsopano siibweza mawu. Ambiri amagwa ulesi pomwepa, n'kumati amisiri aja anawabera. Mawuwo muyenera kuwalowetsanso. Yambani mwafufuza m'katoni momwe inabwerera, mwina muli katiriji yake ya ROM, kabokosi kolowetsa kumanja kwa mabatani. Ikakhalapo mwapulumuka: thimitsani MEMORY PROTECT ya INTERNAL (loko woteteza mawu amkati kuti asasinthidwe), dinani FUNCTION ndi 16, muvomereze ndi YES.

Ngati palibe, pakufunika laputopu ndi waya wa USB-MIDI, wolumikiza laputopuyo ndi kiyibodi. Pa waya pokhapa musaumire. Mawaya otchipa opanda dzina amatha kuliza manotsi koma amadula uthenga wautali panjira, ndiye mumangotaya tsiku. Roland UM-ONE kapena Yamaha UX16 ndi odalirika. Ngati kuno sakupezeka, tumani opita ku Lilongwe kapena ku Chipata, kapena bwerekani kwa anyamata a ku situdiyo. Mafayilo a mawu a DX7 amapezeka pa intaneti, mayina awo amatha ndi .syx, ndipo imodzi yokhala ndi mawu 32 ndi mabayiti 4,104 okha, moti bando yanu siimva n'komwe. Sakani yotchedwa ROM1A, ndiyo ya mawu odziwika kwambiri a ku fakitale. Potumiza, pa Windows gwiritsani ntchito pulogalamu ya MIDI-OX kapena ya Dexed, zonse n'zaulere.

Tsono mvetserani bwino apa. Uthenga uzichoka pa OUT ya wayayo n'kulowa pa MIDI IN ya kiyibodi. Thimitsani MEMORY PROTECT ija, ndipo dziwani kuti imayakanso yokha nthawi iliyonse mukazimitsa n'kuyatsa kiyibodi. Dinani FUNCTION ndi 8, tchanelo ikhale 1. Dinaninso 8, pakalembedwa SYS INFO UNAVAIL musinthe ndi YES pakhale AVAIL. Mukatumiza fayilo, sikirini ilemba MIDI RECEIVED. Pitani pa nambala 11, E.PIANO 1, mugwire chord imodzi mofatsa. Piyano yonyezimira ija munkaimva m'nyimbo zachikondi za m'ma 1980 pa wailesi, ndi imeneyo.

Musathamangire nayo ku kwaya Lamulungu. Batire ikatha zimasokonekeranso ndi zina za mu FUNCTION. Konzani MASTER TUNE pa batani 1 poyerekeza ndi tuner ya pa foni, apo ayi amayi a soprano adzanamiziridwa kuti akuphonya kiyi. Pa 2 pakhale POLY, ndipo PORTAMENTO TIME pa 7 ikhale 0, kuti manotsi asamatsetsereke.

Chimodzi ndinene poyera, akuluakulu a mpingo asadzakhumudwe. Iyi si PSR, makiyibodi a Yamaha aja odziimbira ng'oma okha. Ilibe masitayilo, ilibe ng'oma zodziimba zokha, ilibe sipika, ndipo simungaikemo mawu ojambula. Imapanga yokha mawu ndi njira ya FM, ma operator 6 (tizigawo topanga mafunde a mawu) akusinthana mafunde, n'chifukwa chake mabelu, marimba, besi ndi piyano yamagetsi zimatuluka zokoma kwambiri, pomwe piyano yeniyeni siimveka mogwira mtima. Kwa ine, mpingo wokhala ndi woimba ng'oma ndi ampulifaya yabwino wapata chuma. Wodalira kiyibodi kuti ikhale bandi yonse, ndi bwino usinthanitse ndi wa situdiyo.

Kwa ena m'gulu muno amene mungapeze yotere: werengani kumbuyo musanalumikize. Za ku Japan ndi 100V, za ku America 120V, pomwe magetsi athu ndi 230V. Popanda step-down, kachipangizo kotsitsa mphamvu ya magetsi, imapsa nthawi yomweyo.

Zosamala n'zodziwika. Fumbi la Okutobala limalowa m'makiyi, choncho muziifunditsa chitenje, ndipo pamene imakhala pasamagwe zakudya zoitana mphemvu ndi makoswe. Mabatani ake osalalawo muzidina ndi mnofu wa chala, osati chikhadabo kapena cholembera, chifukwa akang'ambika kupeza ena n'kovuta. Jenereta iyambe yakhazikika musanayatse kiyibodi, ndipo mvula ya mphezi ikayamba, zulani kukhoma. Mawu akalowa, fayilo ija muisunge pa foni ndi pa flash.