Mwana akungodinda madontho, kodi akuphunzira kanthu?

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Mlamu wanga pobwera ku Joni anagulira mwana wanga wa zaka 3 timabotolo ta utoto tokhala ndi siponji kukamwa, akuti ma dot marker. Mwanayo akangodzuka ndi kudinda madontho basi. Bambo ake akuti uku n'kuwononga mapepala, ayambe kulemba a, e, i, o, u ndi pensulo ngati ana a anzathu. Ndimulande? Ndine mayi wa ku Chinamwali, Zomba.

YANKHO: Mayi, musamulande chonde. Tamuyang'anitsitsani mmene akugwirira kabotoloko. Akukafumbata ndi dzanja lonse, eti? Ndi mmene mwana wa msinkhu umenewu amagwirira, chifukwa tizala take tisanalimbe. Pensulo ndi yowonda, imafuna zala zitatu zomvana bwino. Ine ndaphunzitsa kusukulu ya mkaka, ndipo zimandiwawa ndikaona kamwana kakulira ndi pensulo m'manja, kenako n'kudana ndi kope. Sitandade 1 amayamba ali ndi zaka 6. Nthawi ilipo.

Akamaloza malo n'kudinda pomwepo, diso ndi dzanja zikuphunzira kumvana. Kulemba kumayambira pamenepo.

Koma musamangomusiya yekha. Chimene ndimakonda kwambiri ndi ichi: jambulani timizere tozungulira titatu, mulembe 3 pambali, iye adinde kamodzi m'kalikonse uku akutchula mokweza, "chimodzi, ziwiri, zitatu." Ana ambiri amaimba manambala mpaka 10 mosaphonya, koma mukawatuma tomato atatu amabwera ndi asanu. Dontho limodzi, nambala imodzi, ndiye mankhwala ake. Akazolowera, yambani inu mzere: lofiira, lachikasu, lofiira, lachikasu, n'kumufunsa kuti, "Nanga likubwera ndi liti?" Musafulumire kumuuza, muloleni aganize.

Za zilembo zimene bambo akufunazo, lembani chilembo choyamba cha dzina lake, chachikulu ngati chikhatho chanu, iye azidinda motsata mzerewo. Tsiku lina mujambulireni thunthu la mtengo aikemo yekha mango. Akaika mango obiriwira, ofiira, ena pansi pa mtengo, musamukonze. Mufunseni amene adzatole agwawo, mumve nkhani imene ituluke.

Pa mapepala bambo akunena zoona, ndi odula. Gwiritsani makatoni a kugolosale ndi kuseri kwa makalendala akale.

Werengani pabotolo ngati palembedwa "washable" (utoto wochapika) ndi "non-toxic" (wopanda poizoni), chifukwa ena anapangira akuluakulu osewera bingo (masewera odinda manambala pakhadi) ndipo utoto wake suchoka msanga pa zovala. Zitsekerero muzisunga inu, mwana angaike m'kamwa, ndipo akamaliza tsekani zolimba kuti siponji isaume.

Utoto ukatha musadikire mlamu. Dulani kachidutswa ka matiresi akale, mumangirire kunsonga kwa kamtengo ndi mphira, kapena tengani chitsononkho. Madzi owiritsira chidede amapereka mtundu wofiirira, katondo wosungunula ndi makala osinja nazonso zimadinda bwino. Nyengo ya mabulosi, aja amagulitsa anyamata mumsewu wokwera ku Ku Chawe, finyani ochepa m'kambale. Amenewa ndiye amathimbiriritsa zovala, mumuveke malaya akale.

Bambowo muwapemphe akhale naye pamkeka madzulo amodzi, iwo azitchula nambala, mwana azidinda. Mudzandilembere mmene ziyendere.