Kodi BIOS ingawirikizedi FPS? Yankho kwa wowerenga wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba amene msuweni wake anamutumizira zida za kompyuta kuchokera ku Johannesburg. Anamanga yekha makinawo: purosesa ya Ryzen 5 5600, motherboard ya B550, khadi ya graphics ya RX 6600, ndi RAM ziwiri za DDR4, iliyonse 8GB, zolembedwa 3200 pachikuto. Funso lake, lokhudza gemu ya nkhondo ya Warzone, nali mwachidule: "Warzone ikumadukizadukiza nkhondo ikakula. Mnzanga akuti ndilowe mu BIOS ndikakweze voltage ya purosesa, ati FPS iwirikiza. Ndi zoona? Nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, mnzanuyo musamubwereke kiyibodi. Mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imachuna zida zonse Windows isanayake, mulibe mphamvu yobisika imene opanga zida anakubisirani. Zilimo ndi mphamvu zimene msuweni wanu analipira kale koma motherboard sinazitsegule, chifukwa imabwera itachunidwa mwamantha kuti iyake ndi zida zilizonse zimene munthu angaisomeke. Pa makina ngati anuwa, malo otere ndi awiri, ndipo voltage palibepo.

Musanakhudze kanthu, yezani kaye. Pulogalamu ya AMD Adrenalin imene inabwera ndi madalaivala a khadi yanu imatha kuonetsa FPS, kuchuluka kwa zithunzi zimene gemu ikuonetsa pa sekondi, pakona ya sikilini. MSI Afterburner nayonso imagwira ntchito yomweyo. Sewerani malo amodzimodzi kwa mphindi zingapo, mulembe papepala manambala awiri: FPS yapakati ndi ija amati 1% low, FPS ya nthawi zochepa zimene gemu imatsika kwambiri. Yachiwiriyi ndiyo imaulula kudukiza kumene mukudandaula. Gemu ikhoza kuonetsa 100 pamwamba koma n'kumagwera pa 35 bomba likaphulika, ndipo dzanja lanu limamva 35 ameneyo, osati 100.

Malo oyamba ndi liwiro la RAM. Tsegulani Task Manager ya Windows, mupite pa Performance, kenako Memory. Ndikhoza kubetcha mbale ya chipisi kuti pa Speed mupeza 2133, 2400 kapena 2666, osati 3200. Sikuti anakuberani. RAM iliyonse imakhala ndi liwiro wamba logwirizana ndi malamulo a bungwe la JEDEC, ndipo motherboard imayambira pamenepo. Liwiro lolembedwa pachikuto limasungidwa padera m'kachipu kakang'ono ka pa RAM pomwepo, ndipo muyenera kuuza BIOS kuti ilitenge. Intel inatcha zimenezi XMP. Pa ma motherboard a AMD dzina limasinthasintha: ASUS imati DOCP, MSI imati A-XMP, Gigabyte ndi ASRock zimangoti XMP. Dzina lakuti EXPO limene mudzaona pa intaneti ndi la DDR5, linabwera ndi Ryzen 7000 mu 2022, ndiye inu silikukukhudzani.

Kuti mulowe mu BIOS, zimitsani kompyuta, muyatsenso, ndipo ikangoyamba kuyaka muzidina batani la Del mobwerezabwereza (ena ndi F2). Nthawi zambiri XMP imaoneka patsamba loyamba lomwe. Ikapanda kuoneka, pa ASUS ndi MSI dinani F7 kuti mulowe Advanced Mode. Sankhani Profile 1, dinani F10, vomerezani. Kompyuta ikhoza kukhala sikilini ili bii kwa kanthawi, mwina n'kuzima ndi kuyaka yokha kawiri. Musathamangire kuzula chingwe: ikuyesa RAM paliwiro latsopanolo.

Chifukwa chimene ndayambira apa n'chakuti Ryzen imadalira kwambiri liwiro la RAM. Mkati mwa purosesa muli msewu wotchedwa Infinity Fabric umene umalumikiza zigawo zake, ndipo umayenda mogwirizana ndi RAM. RAM ikakhala pa 2133, msewuwo umayenda pafupifupi 1067 MHz. Ikafika 3200, umakwera kufika 1600 MHz. Ndiye mukamasula RAM mumamasulanso purosesa. M'magemu a anthu ambiri ngati Warzone, kumene purosesa imawerengera wosewera aliyense ndi chipolopolo chilichonse, kusinthaku kumaoneka makamaka pa 1% low paja. Ndipo 3200 ndi liwiro limene AMD inalemba yokha kuti 5600 imalilandira, choncho simukuikakamiza zosatheka. Chenjezo laling'ono: mukatsegula pulogalamu yoonetsa zida ya CPU-Z n'kuona 1600, musakhumudwe. DDR imatumiza kawiri pa kugunda kumodzi, ndiye 1600 ameneyo ndi 3200 yemweyo.

Kompyuta itazima, tsegulaninso chivindikiro cha kesi, musuzumire mmene munasomekera RAM. Pa motherboard ya malo anayi, ziwirizo ziyenera kukhala pamalo achiwiri ndi achinayi kuwerenga kuchokera kumene kuli purosesa, aja olembedwa A2 ndi B2. Mukaziika moyandikana pa A1 ndi A2, kapena pa B1 ndi B2, zonse zimadutsa njira imodzi m'malo mwa ziwiri. Ndinaonapo kompyuta ya mnyamata wina imene inakhala chaka chathunthu RAM zitakumbatirana chonchi, mwini wake akutukwana khadi yosalakwa.

Malo achiwiri ndi Resizable BAR. Mwachizolowezi, purosesa imaona memory ya khadi ya graphics kudzera pakawindo ka 256MB basi, ngati munthu wotapa chimanga m'nkhokwe ndi kapu. Resizable BAR imaitsegulira 8GB yonse ya RX 6600 nthawi imodzi. AMD inabweretsa zimenezi kumapeto kwa 2020 pamodzi ndi makhadi a RX 6000 n'kuzitcha Smart Access Memory, ndipo Nvidia inatsatira mu 2021 pa makhadi a RTX 30. Zida zanu zitatu zija, Ryzen 5000, B550 ndi RX 6000, ndi gulu lenileni limene anayambira nalo. Mu BIOS muyatse Above 4G Decoding, kenako Re-Size BAR Support muike pa Auto kapena Enabled. Phindu lake silifanana: magemu ena amakwerako bwino, ena sasuntha n'komwe, ndipo alipo ochepa amene amatsika pang'ono. Pepala lanu lija ndilo lidzaweruze.

Koma apa pali dzenje limene ambiri amagweramo. Resizable BAR imafuna kuti CSM ikhale yozimitsa. CSM ndi imene imalola motherboard yamakono kuyatsa Windows yoikidwa mwachikale, pa disiki ya mtundu wa MBR. Ngati Windows yanu ili pa MBR ndipo mwazimitsa CSM, kompyuta izingobwerera mu BIOS ngati disiki mulibemo. Palibe chafufutika, mukayatsanso CSM zonse zibwerera. Kuti mudziwiretu, lembani msinfo32 pa Start, muone mzere wa BIOS Mode. Ukati UEFI, pitirizani. Ukati Legacy, disikiyo iyenera kusinthidwa kaye kukhala ya mtundu wamakono wa GPT, ndipo Windows ili ndi chida chake chotchedwa MBR2GPT kuyambira mu 2017. Mafayilo ofunika muwakopere kwina kaye. Ngatinso disiki yanu ili ndi BitLocker, loko wa Windows wotsekera mafayilo, sungani nambala yake yotsegulira (recovery key) pafoni musanasinthe chilichonse mu BIOS, chifukwa ikhoza kukufunsani poyaka.

Muli komweko, onani ngati fTPM ndi Secure Boot, zinthu ziwiri za chitetezo cha kompyuta, zili zoyaka. Izi siziwonjezera FPS ngakhale imodzi, koma magemu ena sakulolani kulowa popanda izo: Valorant pa Windows 11 imafuna zonse ziwiri, ndipo Battlefield 6 ya mu 2025 sitseguka popanda Secure Boot.

Tibwerere kwa mnzanu uja. Ryzen 5 5600 imadzikweza yokha kuchoka pa 3.5 kufika 4.4 GHz malinga ndi kutentha komanso ntchito imene ilipo. Mukaikhomera voltage ndi liwiro lanulanu, mumachotsa nzeru zimenezi, ndipo chimene mumapeza chambiri ndi kutentha. Ngati mukugwiritsa ntchito kafani kamene kanabwera m'bokosi la purosesa, mu Okutobala mmene malata amaotchera, makinawo azidzichepetsa okha liwiro kuti asapse. Mukhala mwavutikira kubwerera m'mbuyo. Pali Precision Boost Overdrive ndi Curve Optimizer, imene akatswiri amatsitsira voltage osati kukweza, koma imafuna masiku angapo oyesa, ndipo AMD imanena poyera kuti waranti sikhudza zowonongeka mwanjira imeneyi. Kwa zida zoti zikafa muyenera kudikira munthu wochokera ku Joni, ine ndikuti zisiyeni. Kupukuta fumbi pafani ndi kuika thermal paste yatsopano kungakupindulireni kuposa pamenepo.

Nkhani yosintha BIOS yonse kuika yatsopano ndimaiyankha mosamala. Chifukwa chomveka chilipo: mu 2022 AMD inavomereza kuti fTPM inkachititsa makina ena a Ryzen kudukiza kwa kamphindi, mpaka phokoso kumakhadzuka, ndipo inakonza vutoli mu BIOS zokhala ndi AGESA 1.2.0.7 (AGESA ndi gawo la BIOS limene AMD imalemba). Ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepo, kusintha kuli ndi phindu. Koma musachite popanda UPS (batire yosunga magetsi a kompyuta) kapena inveta. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Madzulo ena ndinayamba kusintha BIOS, kamzere kobiriwira katadutsa theka, ndinangomva filiji yasiya kulira, nyumba yonse zii. Magetsi atabwera m'mawa, mafani ankazungulira koma sikilini inali yakuda. Inatenga mmisiri wina wokonza malaputopu, ndi kachipangizo kake kopanira pa chipu ngati chopanira zovala, kuti ailembenso. Onani kumbuyo kwa motherboard yanu ngati kuli kabatani kolembedwa BIOS Flashback, Flash BIOS kapena Q-Flash Plus. Kameneko kamalola kulembanso BIOS kuchokera pa fulashi ngakhale makina asakuyaka. Ma B550 ambiri ali nako, koma si onse. Ndipo fayiloyo muitenge patsamba la kampani yopanga motherboard, yofanana dzina ndi nambala ndendende ndi yanu.

Zikavuta mutasintha kanthu, kompyuta n'kukana kuyaka, zulani chingwe cha magetsi, muchotse kabatire kozungulira ka CR2032 kamene kali pa motherboard, mudikire mphindi zisanu, mubwezeretse. BIOS ibwerera mmene inachokera kufakitale, kutanthauza kuti XMP ija muyenera kukayatsanso. Magemu akayamba kumadzitseka okha mutayatsa XMP, yesani RAM ndi pulogalamu ya MemTest86 usiku wonse. Ikapeza zolakwika, tsitsani liwiro kufika 3000 muonenso.

Ndiye yambani ndi XMP yokha lero, musewere, mulembe manambala. Resizable BAR mawa. Mukasintha zonse tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza kapena chimene chaononga. Mukatero munditumizire manambala onsewo pamodzi ndi dzina lonse la motherboard yanu, chifukwa mu imelo munangoti B550, ndipo mamenyu a ASUS ndi a Gigabyte safanana.