Tifunseni: Kodi filimu ya The Last of Us inaononga nkhani ya mu gemu?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine magemu sindisewera, koma sizoni yoyamba ya The Last of Us ndinaionera yonse, ndipo gawo lachitatu linandiliza ndithu. Mlongo wanga, yemwe anamaliza gemu yake pa PlayStation, akuti zomwe ndinaonerazo ndi madeya chabe. Akuti a kanema ya HBO anachotsa zilombo n'kuikamo zachikondi. Kodi akunena zoona? Nanga ziwirizi zikusiyana pati kwenikweni?

Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO

Achemwali, ndiyambe ndachenjeza anzathu amene sanaonere: ngati simufuna kuuzidwa mathero, lekezani pompano, chifukwa ndiulula zonse.

Alongo anuwo sakunama pa zomwe anaona, kungoti mlandu akuupereka kwa anthu olakwika. Gemuyi inatuluka mu 2013 pa PlayStation 3, yopangidwa ndi kampani ya Naughty Dog, ndipo anailemba ndi Neil Druckmann. Druckmann yemweyo ndi amene anakhala pansi ndi Craig Mazin, uja analemba Chernobyl, kukonza filimu ya magawo 9 imene HBO inayamba kuonetsa mu Januwale 2023. Gawo lachiwiri Druckmann anachita kuliwongolera yekha. Ndiye palibe mlendo anabwera usiku kudzasokoneza nkhani ya eni. Mwini wake anali pomwepo.

Msana wa nkhani sunasinthe. Bowa wotchedwa Cordyceps, yemwe m'moyo weniweni amagwira nyerere ndi tizilombo tina, wayamba kugwira anthu n'kumawasandutsa zilombo. Patapita zaka 20, Joel, bambo amene mwana wake Sarah anaphedwa ndi msilikali usiku woyamba wa mliri, akupatsidwa ntchito yoperekeza Ellie, mtsikana wa zaka 14 yemwe analumidwa koma osadwala, kupita naye kwa a Fireflies, gulu loukira boma lomwe likufuna kupeza katemera kudzera mwa iye. Ulendo ukuyambira ku Boston n'kukathera ku Salt Lake City. Konseku n'chimodzimodzi, mpaka mawu ena anangowatenga mmene alili.

Chinasintha ndi ntchito ya manja anu. Mu gemu Joel ndinuyo. Mumalowa m'nyumba yosiyidwa, kutsegula madirowa limodzilimodzi, kutola kansanza, kabotolo ka mowa, theka la sizasi, tepi. Kansanza ndi mowawo muyenera kusankha: mupange bandeji kapena bomba la moto, zonse ziwiri sizitheka. Mfuti ili ndi zipolopolo ziwiri. Kutsogolo kuli clicker, chija bowa anachiphulitsa nkhope moti sichiona koma chimamva ngakhale phazi likakhudza galasi losweka. Mumanyonyomala, kuponya njerwa pakona kuti chitembenukire uko, inu n'kumakwawa mtima uli phaphapha. Chikakugwirani basi, mwafa, muyambirenso. Pali malo ena pansi pa hotela ku Pittsburgh, mumdima, madzi ali thothotho, pomwe muyenera kuliza jenereta mukudziwa kuti phokoso lake liitana zonse zobisala mmenemo. Osewera ambiri mpaka lero akangomva za jenereta imeneyo amapukusa mutu.

Tsopano tangoganizani mutakhala pampando n'kumaonera Pedro Pascal, wosewera Joel mu filimu, akutsegula madirowa kwa mphindi 20. Mungasinthe tchanelo. Zili ngati kabaza: wopalasa amadziwa chitunda chilichonse ndi miyendo yake, wokwera kumbuyo amaona nyumba ndi anthu a m'mbali mwa msewu. Msewu ndi umodzi, koma pofika aliyense asimba zake. Olemba filimu anadziwa kuti woonera sangatuluke thukuta, ndiye nthawi imene mu gemu imathera kumenyana anaipereka kwa anthu a m'mbali mwa msewuwo. N'chifukwa chakenso Joel wa mu filimu ndi bambo wa zaka 56 wa mawondo otha, khutu limodzi losamva bwino, amene nthawi zina mantha amamugwira pachifuwa mpaka kulephera kupuma. Wa mu gemu amawomberedwa, kumanga bandeji n'kupitiriza kuthamanga, poti gemu singaime kudikira kuti munthu achire.

Zina zinasintha pa zifukwa zosavuta kumva. Mu gemu mliri ukuyamba mu 2013 ndipo ulendo ukuchitika mu 2033. Filimu inabweza zonse m'mbuyo: mliri mu 2003, ulendo mu 2023, chaka chomwe anthu ankaonera. Mu gemu bowayu amafalanso kudzera m'fumbi lake louluka, ndiye Joel amavala chophimba nkhope chonse akamalowa m'malo otsekeka. Mu sizoni yoyamba fumbilo analichotsa. Simungalipire katswiri wa zisudzo ndalama zankhaninkhani kenako n'kumubisa nkhope, komanso woonera akanafunsa kuti nanga fumbi louluka limalekera bwanji pakhomo. M'malo mwake anaika timizu totuluka m'kamwa mwa odwala, ndi mizu ina yoyenda pansi panthaka, yoti mukaponda pano mwadzutsa gulu lomwe lili kutali. Mizu imeneyi ndi imene inaitana khamu lija Tess, mnzake wa Joel, anafa nalo podziphulitsa ndi laitala. Mu gemu Tess amaphedwa ndi asilikali a FEDRA, boma lankhondo la m'nkhaniyi. Ndipo za ku Jakarta zija, mayi wasayansi akuuza mkulu wa asilikali kuti palibe mankhwala, aphulitse mzinda wonse, mu gemu mulibe, chifukwa kamera ya gemu sichoka pamsana pa munthu amene mukumuyendetsa.

Tifike pa gawo lachitatu lomwe linakulizanilo, poti ndi pomwe alongo anu akuwawidwa mtima. Mu gemu Bill, mnzake wa Joel amene amapitako kukafuna galimoto, ndi wamoyo, wamwano, wolankhula yekha, ndipo iye ndi Ellie amatukwanizana kuyambira pomwe akumana. Tauni yake ya Lincoln ndi yodzaza misampha. Joel amakodwa mu umodzi n'kulendewera mutu pansi, inu n'kumawombera zilombo dziko lili chadodolido, Ellie akulimbana ndi chingwe chomangidwa ku firiji. Kenako mumapita kusukulu kukafuna batire ya galimoto n'kukumana ndi chimphona chija amati bloater. Frank, yemwe ankakhala ndi Bill, mumamupeza atafa kale. Analumidwa, n'kudzimangirira, n'kusiya kalata yowawa youza Bill kuti ankadana naye. Zoti awiriwa anali pachibwenzi gemu imangokunong'onezani, wosatchera khutu amadutsa osadziwa.

Filimu inatenga kanong'onong'o kameneko n'kukapatsa gawo lathunthu. Frank akugwera m'dzenje la Bill mu 2007, akupatsidwa nyama ya kalulu ndi vinyo, ndipo akukhala limodzi zaka 16. Mukukumbukira pamene Frank anasinthanitsa mfuti ndi mbewu za masitiroberi, Bill n'kuluma limodzi n'kuyamba kuseka ngati mwana? Pomaliza Frank akudwala matenda opuwalitsa, awiriwo akumwa vinyo wothira mankhwala n'kukagona. Joel ndi Ellie akufika mochedwa, akupeza kalata ndi kiyi wa galimoto. Nick Offerman anapata mphoto ya Emmy chifukwa cha Bill ameneyu.

Ine pano ndili mbali yanu, achemwali. Ntchito ya Bill m'nkhaniyi, konse kuwiri, ndi kuonetsa Joel tsogolo lake. Mu gemu akumuonetsa chomwe adzakhale akapitiriza kukankha anthu: nkhalamba yokhala yokha pakati pa misampha. Mu filimu akumuonetsa kuti ngakhale munthu wouma mtima chotere anapeza womuteteza, ndipo kalata ija ikumuuza kuti ateteze Tess, pomwe Tess wafa kale. Zonse zikukankhira Joel kwa Ellie. Chomwe tinataya n'chakuti Bella Ramsey, wosewera Ellie, ndi Offerman sanakumane, ndipo mikangano yawo ikanakoma zedi.

Za Henry ndi mng'ono wake Sam, amene Joel ndi Ellie amakumana nawo panjira, ndingodutsa mwachangu. Pittsburgh inasanduka Kansas City, anawonjezera Kathleen, mtsogoleri wa oukira a kumeneko, yemwe mu gemu mulibe, ndipo Sam anamuchepetsa kuchoka pa zaka 13 kufika pa 8, n'kukhala mwana wosamva wolankhula ndi manja. Keivonn Woodard amene anasewerayo ndi wosamvadi.

Koma pali pawiri pomwe alongo anu ndiwapatsa ulemu wawo. Poyamba, zilombo zinachepadi mopitirira. Likangotha gawo lachisanu, lija zinatuluka pansi ngati mafunde, mumangoona chimodzi apa, china apo. Vuto lake si kusowa kwa zoopsa kokha. Nkhani yonse yatsamira pa katemera, ndiye ngati anthu akuyenda miyezi osakumana ndi wodwala, woonera amayamba kufunsa kuti kodi katemerayo ndi wofunikadi chotere?

Pachiwiri ndi kuchipatala kuja. A Fireflies akufuna kuchita Ellie opaleshoni ya mu ubongo imene imuphe, kuti apeze katemera. Mu filimu mumaona Joel akuyenda m'makonde akupha aliyense, phokoso la mfuti litatsitsidwa, nyimbo yachisoni ikulira, ndipo mphindi zochepa zatha. Mutha kukhala pampando n'kumuweruza. Mu gemu makonde amenewo mumadutsamo nokha, movutikira, kenako mumatsegula chitseko n'kupeza dokotala atanyamula kampeni ka opaleshoni. Ine ndinaima pamenepo padi yoseweretsa gemu ili m'manja, kufunafuna njira yomulambalala. Palibe. Gemu sipitirira mpaka mutamupha, ndipo chala chokanikiza batani ndi chanu. Bodza limene Joel akuuza Ellie pambuyo pake, loti a Fireflies anasiya kufunafuna katemera, limalemera mosiyana ukakhala kuti unagwira nawo ntchitoyo. Apa filimu inachita zonse zomwe ikanatha, koma sinafikepo, ndipo sindikuona mmene ikanafikira.

Ndiye auzeni alongo anuwo kuti akubwerekeni padi. Gemuyi ili ndi mulingo wosavuta wa oyamba kumene, komanso inakonzedwanso mwatsopano mu 2022 pa PlayStation 5, n'kufika pakompyuta mu 2023. Iwonso aonerenso gawo lachitatu popanda kuwerenga zipolopolo.

FUNSO

Ndamva kuti anthu amene analowetsa mawu mu gemu aliponso mu filimu. Ndi ati? Nanga sizoni yachiwiri ikutsata gemu iti?

Mnyamata wa ku Mzuzu

YANKHO

Mwamva zoona, achimwene. Troy Baker, Joel wa mu gemu, ndi James, wothandizira David, mtsogoleri wa gulu lodya anthu, m'gawo lachisanu ndi chitatu. Ashley Johnson, Ellie wa mu gemu, ndi Anna, mayi wobereka Ellie koyambirira kwa gawo lomaliza. Jeffrey Pierce mu gemu anali Tommy, mng'ono wake wa Joel, mu filimu ndi Perry wandevu uja wa ku Kansas City. Merle Dandridge ndi Marlene, mtsogoleri wa Fireflies, konse kuwiri.

Sizoni yachiwiri, ya magawo 7, inayamba mu Epulo 2025 ndipo ikutsata The Last of Us Part II ya mu 2020, koma sinaimalize. Fumbi la bowa lija linabwereramo. Kusintha kwakukulu kuli pa Abby, mtsikana wofuna kubwezera Joel: mu gemu mumadana naye kwa maola ambiri musanadziwe chomwe chinamupweteka, kenako amakukakamizani kumuyendetsa iyeyo. Filimu inaulula chifukwa chake koyambirira, poopa kuti woonera wodikira sabata yathunthu pakati pa magawo angatope naye asanamumvetse. Ngati kunyumba kuli ana, dziwani kuti magemu onse awiri ndi filimu yomwe ndi za akuluakulu.